Maliro a Chitupa cha Mjeremani

Chinali chaka cha 1947, ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Ku nkhondo ndinali nditabwerako ndi ziwalo zanga zonse ndi bokosi limodzi lachitsulo. Ndinakwatira pamudzi wina cha ku Goliati, m'mphepete mwa esiteti, n'kukhala pa chikamwini monga mwa mwambo. Ntchito yanga inali kupalira m'mizere ya tiyi.

Za nkhondo ndinena mwachidule. Sindinawombere munthu. Ananditumiza ku Iguputo kukalondera akaidi achijeremani amene anawatsekera mumpanda wa waya pakati pa mchenga. Ntchito yake inali kuima. Ndinaima bwino, ndipo pa chipata changa sipanathawe munthu.

Mwa akaidiwo munali wina wamtali, wowonda, wa makutu otambasuka ngati zogwirira za mphika. Ankakonda fodya kuposa chakudya. Ine sindisuta, choncho fodya amene ankatigawira ndinkamuponyera iye. Tsiku limene tinauzidwa kuti tikubwerera kwathu, anandikodola pa waya n'kutulutsa kabuku m'thumba la pachifuwa. Kanali ka chikuto chotuwa, ndipo pamwamba panali mbalame yonga nkhwazi itatambasula mapiko. Anati kameneka ndi chitupa chake, msilikali aliyense wa kwawo ankayenda nako, ndipo ukapezeka wopanda, akuluakulu ako omwe ankakumanga. M'kati munali chithunzi chake, makutu ndi zonse, atachikhomerera ndi timawaya. Munali zidindo zambiri. Anandisonyeza ndi chala pamene analemba msinkhu wake, mtundu wa maso ake, kukula kwa nsapato zake, mabulangete amene anamupatsa, ndi chipatala chimene anagonako. Kenaka analoza mbalame ija, n'kudutsitsa chala pakhosi pake, kusonyeza kuti boma lija latha. Kabuko anakankhira kwa ine. Ndinamupatsa fodya wotsala ndi chitini cha mkaka. Pamene galimoto yathu inkanyamuka, iye anali ataima pa waya, akusuta. Anali wamoyo. Ndalemba zimenezi poyamba kuti wowerenga adziwe chimene ine ndinkadziwa.

Chitupacho ndinachiika pansi pa bokosi, ndipo sindinachiganizirenso.

Mwezi wa Juni kunagwa chiperoni chosatha, zovala zonse zinayamba kununkha nkhungu. Dzuwa litaoneka, akazi anga anatulutsa za m'bokosi n'kuziyanika pamphasa. Pa nthawiyo n'kuti ali oyembekezera mwana wathu woyamba. Apongozi anga, amayi awo, anadutsa ndi lichero la nandolo. Anaona nkhope ya mzungu ikuwayang'ana pamphasa. Anafunsa kuti ameneyu ndani. Akazi anga anati ndi Mjeremani wa bambo a kunyumba.

Madzulo pochoka ku ntchito ndinapeza nyumba ili zii. Moto wosasonkha, mtondo palibe, mphika palibe. Akazi anga anali atawatengera kunyumba ya apongozi, kuseri kwa nthochi.

Achinyamata a lero sangamvetse chifukwa chake sindinangopita kukafunsa. Masiku amenewo mkamwini sankayankhula ndi apongozi aakazi, kapena kuwayang'ana kumaso. Tikakumana m'njira ya m'tiyi, iwo ankapatuka n'kunjuta m'mizere atafunda nsalu, ine n'kudutsa nditayang'ana kumwamba ngati ndikuona mvula. Mawu aliwonse olemera ankayenda pakamwa pa ankhoswe. Ankhoswe anga anali amalume, alongo awo a mayi anga, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje.

Amalumewo ndiwafotokoze. Anali aafupi, okonda otheka, mowa wathu wa Alomwe, ndipo sankatha kunena chinthu mmene chilili. Pa nkhondo yoyamba ija, asanawoloke kuchokera kwa Apwitikizi, anagwidwa utengatenga, kusenza katundu wa asilikali. Ajeremani anawathamangitsapo m'thengo, iwo n'kutaya katundu ndi nsalu yomwe. Chiyambire pamenepo ankalakalaka kuti wina wa m'banja mwathu abweze.

Ndinawatuma. Anakakhala kwa apongozi nthawi yaitali, ndipo anabwerako maso akuwala.

Mlandu unali wotere. Apongozi anati munthu wamoyo sapereka chitupa chake. Anafunsa kuti pa esiteti pano ndani anapatsapo mnzake tikiti yake ya ntchito, imene popanda iyo sulandira phoso. Ndani anapatsapo mnzake chiphaso cha msonkho, pamene amesenjala akuyenda ndi chingwe? Malemu amuna awo anayenda ndi pepala lawo atalisokerera m'chiuno, ndipo linachoka pathupi pawo tsiku losambitsa mtembo. Choncho mzungu uyu ndi wakufa, amene ali ndi chitupa ndiye anamupha, ndipo wakufayo sanaikidwe, akugona m'bokosi pafupi ndi mimba ya mwana wawo. Anawonjeza kuti anamulota kale, akupempha madzi akumwa m'Chilomwe.

Chonsecho Mjeremani uja ngakhale "moni" ankalephera.

Ndinauza amalume kuti akanene mawu awiri okha: sindinaphe munthu. Ndinawabwerezetsa. Anapita. Mawa lake ndinamva kwa akazi a pachitsime kuti akuti ndati nkhondo ndi nkhondo, ndipo mwamuna sawerenga amene wagwetsa.

"Amalume, ndinakutumani zimenezo?"

"Iwe, ndinangokonza pang'ono. Mawu ako anali owuma. Ungapite kwa apongozi ndi mawu opanda ndiwo?"

"Ndinamusiya akusuta."

"Ee, akusuta. Onse amatero. Usachite manyazi, mphwanga, ine ndine malume ako."

Ndinayesa njira zina. Ndinatumiza mawu kuti ndichiwotcha. Yankho linabwera lakuti kupha sikunamukwane, tsopano akufuna kuwotcha mtembo. Ndinati ndikachitaya mumtsinje. Anati ndiye mudzi wonse uzimwa Mjeremani. Ndinati ndikachisiya kwa mayi anga. Mayi anga atamva, anatumiza uthenga kuti ndisayerekeze.

Kenaka ndinaganiza kuti nkhani ya mzungu ithe ndi mzungu. Pa esiteti panali bwana wamng'ono amene nayenso anali atabwera ku nkhondo. Tsiku lina pa sikelo, anthu akuyeza tiyi, ndinaima mowongoka n'kumupatsa chitupacho. Ndinamupempha m'Chingerezi changa cha Sitandade 3 kuti auze anthu kuti akaidi ankasinthanitsa zinthu zotere ndi fodya. Anatsegula, anayang'ana chithunzi, anaseka makutu. Anawerenga kukula kwa nsapato mokweza. Atatero anandifunsa ngati ndinamupha ndine. Ndinati iyayi, bwana. Anatsinzina diso limodzi, anandimenya paphewa, n'kunena kuti ndine mwamuna. Akalaliki a pa sikelo anaona, ndi amayi onse amene anali pamzere ndi madengu awo. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unadziwa kuti mzungu wawerenga m'buku muja ndipo watsimikiza.

Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinapita kuseri kwa nyumba ya apongozi, ndinaima moyang'ana nkhokwe, n'kuyamba kuiuza nkhokweyo mokweza nkhani yonse, kuyambira pa waya mpaka pa chitini cha mkaka. Ndinaona kuti mwambo sindikuswa, poti ndikuyankhula ndi nkhokwe. Ndisanafike pa mkaka, apongozi anatuluka atafunda nsalu kumutu, n'kuthawira kunthochi. Akuluakulu anagamula kuti nkhokwe ya apongozi ndi apongozi omwe. Ndinalipa nkhuku.

Ndinkaphika ndekha. Mwamuna wokwatira, wobwera ku nkhondo, kukazinga chimanga paphale ngati mbeta ya pa kampaundi. Akazi anga ndinkawaona patali akupita kumadzi, mimba ikukula. Akandiona ankaweramitsa mutu. Sankandiseka, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Ndiye kunabwera mawu omaliza. Mjeremani aikidwe m'manda mwaulemu, wopha apepese, mwana asanabadwe. Zikapanda kutero, bokosi langa alitulutsa panja, ine ndi mlendo wanga tizikaona kolowera. Pa chikamwini mwamuna alibe munda, alibe nyumba, alibe mwana. Ana ndi a mbumba ya mkazi. Ndikanachoka ndi bokosi lokha, monga ndinabwerera.

Ndinavomera za manda. Za kupepesa ndinakana. Amalume anati zimenezo ndiwasiyire iwo, poti pamaso pa apongozi sindikanatha kutsegula pakamwa ngakhale nditafuna. Ndinawauza kuti akanene kuti munthuyu tikumuika chifukwa cha mtendere basi. Analumbira pa manda a mayi awo.

Anasankha Loweruka, titaweruka ku ntchito. Ndinkayesa kuti kudzakhala anthu asanu ndi khasu limodzi. Kunabwera mudzi wonse, ndi ena a pa kampaundi, ndi ena ochokera ku Changata amene anamva kuti kukuikidwa mzungu. Maliro a mzungu palibe anali atawaonapo pafupi.

Anthu obwera kudzakhuza maliro ayenera kudya. Mwini maliro ndinali ine, poti malemuyo analibe mbale wina. Mbuzi yanga inaphedwa.

Mkangano woyamba unali wa malo. Manda a pamudzi ndi a mbumba, ndipo mlendo sagona pakati pa eni ake. Anamupatsa kumphepete, pafupi ndi mabulugamu a esiteti. Wachiwiri unali wa kukula kwa dzenje. Ine ndinati kabuku n'kolingana ndi chikhatho, mkono umodzi ukwana. Adzukulu, amene amakumba manda, anakana. Anati iwo sakumbira mbewa, ndipo akakumba kadzenje kotero anthu adzati anadya mbuzi yaulere. Anandifunsa kuti malemuyo anali wamtali bwanji. Ndinakweza dzanja kusonyeza. Anakumba mpaka pamenepo, n'kuwonjezako pang'ono kuti asapanikizike.

Wachitatu unali woti mutu uloze kuti. Wakufa amayang'ana kumene makolo ake anachokera. Ine ndinali nditakwera sitima ya pamadzi ndipo ndinaonapo mapu kusukulu, choncho ndinaloza kumpoto. Amalume anati iwo Ajeremani anawaona ndi maso, ndipo anatulukira kuseri kwa phiri la Mulanje. Anthu anatsata amalume.

Chitupa anachikulunga m'bulangete langa la usilikali, poti mzungu sagona pamphasa. Kenaka kunabwera mtsikana kuchokera kumene kunakhala amayi, n'kunong'oneza amalume. Apongozi ankafunsa kuti kodi munthuyu abwerera kwawo wopanda nsapato? Mzungu sayenda pansi. Akapanda kupatsidwa, adzabweranso kudzafuna. Nsapato pamudzi ponse zinali zanga zokha, majombo amene ndinabwera nawo ku nkhondo, amene ndinkavala Lamlungu. Ndinati sizingamukwane, phazi lake linali lalikulu, ndipo bwana anawerenga yekha pa sikelo. Yankho linabwera lakuti akufa sadandaula za kuthina. Anazitenga.

Amayi analira. Poyamba anavutika, posadziwa kuti amulire ndi dzina lanji, mpaka wina anayambitsa kuti mlendo wathu, ndipo zinayenda. Ena analira zenizeni, poti aliyense ali ndi wake amene amamukumbukira. Mayi wina amene mwana wake sanabwereko ku nkhondo analira mpaka anamugwira. Pamenepo ngakhale ine sindinaone choseketsa.

Atatsitsa bulangete, amalume anaimirira. Ine ndinakhala pansi kutsogolo, mutu woweramitsa. Apongozi anali kumbuyo kwa amayi, atatembenukira kumbali, koma khutu lili kuno.

Amalume anayamba bwino. Anati mlendo, mwabwera kutali, pepani kuti takusungani m'bokosi. Kenaka anakhosomola.

"Mwana wathuyu sanakudeni ayi. Inali nkhondo. Inu munabwera ndi mfuti yaikulu ija yolira ngati chigayo, iye anali ndi kamfuti kamodzi. Munathamangitsana mumchenga kuyambira m'mawa. Zipolopolo zitatha munagwirana ndi manja. Munali amphamvu, bwana, tisaname. Munamugwetsa kawiri. Koma mwana wa mlongo wanga ndi uyu."

Anthu anang'ung'udza mokhutira. Amalume anapitiriza. Anati anzake awiri a malemuyo amene anabwera kudzathandiza, nawonso apepesedwe pomwepo, ngakhale zitupa zawo zinatsala kumeneko.

Ndinadzutsa mutu. Ndinali nditakoka kale mpweya. Ndikanaimirira pamenepo n'kunena kuti bodza, maliro akanathera pomwepo, pamaso pa apongozi, ndipo ukwati ukanathera limodzi. Ndinadziwa, koma ndinali wokonzeka. Sindinanamepo, ndipo sindinkafuna kuti wina andinamire.

Kutsidya kwa dzenje, pakati pa amayi, panali akazi anga. Anali atakhala movutika, miyendo yotupa ataitambasula, dzanja lili pamimba. Anandiyang'ana m'maso. Anapukusa mutu pang'ono, kamodzi.

Ndinatulutsa mpweya uja. Ndinaweramanso.

Amalume anamaliza ndi Ajeremani atatu. Adzukulu anakwirira. Mawa lake anandimeta mpala, poti wina ayenera kumetedwa, ndipo abale a malemuyo anali kutali.

Tsiku lomwelo masana akazi anga anabwerera, mtondo uli pamutu pa mng'ono wawo. Anasonkha moto. Ine ndinakhala pakhomo, mutu ukuzizira. Nditadya ndinawafunsa ngati iwonso ankakhulupirira.

"Inu kupha munthu? Inu amene mumatola nkhululu m'nyumba n'kukaisiya panja?"

"Ndinali ndi mfuti."

"Ee, munali nayo."

Sanandisangalatse mmene ananenera. Ndinafunsa chifukwa chake sanauze amayi awo. Anati amayi awo sauzidwa. Kenaka anatokosa moto, n'kunena kuti panalinso china. Tsiku loyanika lija, apongozi asanadutse, iwo anatsegula kabuku n'kuseka makutu aja mpaka misozi. Atatha kuseka anakumbukira kuti woyembekezera saseka chilema cha munthu, mwana amatengera. Kuyambira tsikulo sanagone bwino. Anaona kuti munthuyo akapepesedwa, wamoyo kapena wakufa, mwina akhululuka.

Mwana anabadwa mwezi wotsatira, wamkazi, ndipo azamba atanditumizira uthenga sindinafunse za china. Iwo okha anawonjeza kuti makutu ali bwino.

Pambuyo pake zinthu zinayenda mosayembekezeka. Bwana wamng'ono uja anandichotsa kumizere n'kundiika ulonda wa pafakitale. Pa zaka zanga zonse pamenepo sipanabedwe ngakhale thumba. Kenaka anandipatsa ukapitawo. Sindinakwezepo mawu kapena ndodo. Ndinkangoima kumapeto kwa mzere, anthu n'kumathyola masamba awiri ndi kansonga monga mwa lamulo. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza zoona, kuti ndinamusiya akusuta. Ankagwedeza mutu mwaulemu n'kusuntha pang'ono. Pofika nthawi yopuma pa ntchito, ndinamva achinyamata akunong'onezana kuti Ajeremani aja anali asanu ndi awiri.

Apongozi anasesa manda aja chaka ndi chaka mpaka imfa yawo. Sanamulotenso. Titakalamba tonse anandipatsa nkhuku yothetsa kupewana, ndipo tinayamba kuyankhulana. Ndinawauza nkhani yonse pamaso, mpaka pa chitini cha mkaka. Anamvetsera bwino. Anati ndine munthu wodzichepetsa, ndipo n'chifukwa chake sanandithamangitse.

Za Mjeremaniyo sindinamvenso. Ngati anafika kwawo, anakalamba osadziwa kuti ku Thyolo ali ndi manda, ndiponso kuti anthu anamulira bwino.

Zimene zinapita pa nkhaniyi ndi izi. Mbuzi imodzi, yaikazi, ili ndi bere. Nkhuku zitatu, imodzi ya nkhokwe ija, ziwiri za adzukulu. Mawere onse amene akazi anga anasungira mbewu, poti anafululira otheka. Bulangete limodzi la boma, losang'ambika. Nsapato ziwiri. Tsitsi linamera.